Dzino la Golide la Che Atumani

Joni, 9 Disembala 1990

Amake Awa,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo, inu ndi mwana wathu Awa, apongozi anga ndi onse a ku Katuli. Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine cha m'chipinda chozizira cha kubutchala, chomwe chandikwatira.

Kalata yanu ndinalandira, ndipo mawu a amalume anu Che Bwanali ndawamva. Akuti ndikapanda kufika pa Idi yotseka mwezi wa Ramazani, ankhoswe akhala pansi n'kumasula ukwati, chifukwa mkamwini wosaoneka zaka zisanu sasiyana ndi womwalira. Mawuwo ndi olemera, koma sindiwatsutsa. Mudziwo ndi wawo, ine ndine wobwera. Muwauze kuti Idi ndidzadyera pakhonde panu, Mulungu akalola.

Mukudziwa kuti chichokereni kumgodi, anzanga atawakweza ndege kubwerera kumudzi, ine ndilibe pepala lililonse. Munthu wopanda pepala akatuluka muno, kulowanso n'kovuta. Ndicho chinandimanga miyendo, osati zija akunena anthu kuchitsime.

Ndapatsira Che Mdoka, woyendetsa lole uja, marandi 150, bulangeti ndi nsapato za Awa. Nsapatozo ndagula mongoganizira, zikachepa mugulitse. Ndalamazo mugule feteleza, zotsala za sopo ndi mchere. Mwandiuza za munthu wa ku Mozambiki uja, Luciano, wothawa nkhondo amene wamanga chisakasa kuseri kwa munda wa amayi anu, kuti amalima mwamphamvu ndipo safuna ndalama koma chimanga. Mutengeni apalire munda wathu. Mlendo ndi mame, nkhondo yawo ikatha abwerera kwawo, ndiye atithandize akadalipo.

Nkhani ina ndi yaing'ono. Dzino langa la golide lagwa. Ndinali kutafuna chimanga chootcha pasiteshoni, ndinangomva kanthu kolimba pa lilime, kulavulira m'manja, ndi lomwelo. Musaseke. Ndalisunga m'bokosi la machesi, ndipo musauze munthu aliyense.

Ndine mwamuna wanu,
Atumani


Joni, 20 Januwale 1991

Amake Awa,

Moni kwa inu ndi onse. Ndamva kuti Awa anadwala malungo koma wachira, tiyamike Mulungu. Ine ndili bwino, kungoti ndikulankhula nditatseka pakamwa ngati mtsikana wamanyazi, mpaka abwana andifunsa ngati ndaferedwa.

Ndinapita kuchipatala cha mano komwe amaphunzirirako ana a udokotala. Kumeneko mtengo ndi wotsika, koma mzere wake ndi wa kuchigayo nthawi yokolola. Anandiona mtsikana wa Chimwenye, Msilamu mnzathu, mphunzitsi wake wachizungu ataima kumbuyo. Ndinawapatsa bokosi la machesi lija n'kunena kuti angomata basi, ndibwerere kuntchito. Mzungu uja anaseka.

Ndikufotokozereni, chifukwa inenso sindinkadziwa. Kumudzi timati dzino la golide, koma si dzino lonse ayi. Ndi kachipewa kovala pamwamba pa dzino langa lenileni, lija linabenthuka kumgodi chaka cha 1979, analisema n'kuliveka. Akuti zipewa zotere zimakhala zaka khumi, zikalimba khumi ndi zisanu, ndipo changa chagwira ntchito yake. Golide saola, koma zomatira zake zimatha pang'onopang'ono, zakudya n'kumalowa m'mphepete, dzino n'kumaola pansi pake mwini wake osamva kanthu. Mtsikanayo anandionetsa pakagalasi. Kachitsa kakuda bii, Amake Awa. Zaka zonsezi ndimayenda ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anandifunsa kuti ndinapita liti kukaonetsa chiikireni. Ndinati kukaonetsa chiyani, chinthu chosapweteka?

Andipatsa njira ziwiri. Yoyamba, kuzula tsiku lomwelo, kwaulere, madzulo ndili kunyumba. Yachiwiri, kutsuka muzu, kumanga kachitsako n'kupanga chipewa chatsopano, maulendo anayi kapena asanu, chifukwa chakale sichingakwanenso. Ndinasankha yachiwiri osaganiza kawiri.

Mundimvetse. Mukukumbuka tsiku ndinatsika basi ku Mangochi ndi wailesi paphewa, inu mukugulitsa zitumbuwa pamsika? Ndinakumwetulirani, inu n'kufunsa kuti, "Kodi abambo, mwameza tochi?" Tochi imeneyo ndi imene inandipezera mkazi. Ku Katuli ana sadziwa dzina lakuti Atumani, amadziwa Che Golide. Awa naye chithunzi chimene ali nacho ndi chomwecho. Ndiye nditsike lole ndi gweru pakati pakamwa, malikhweru akutuluka ndikamati salamu? Che Bwanali adzati taonani, Joni yamudya mpaka mano. Ayi, zimenezo sindingalole.

Akuti zonse zitha kumayambiriro kwa Malichi, Ramazani isanayambe. Nthawi ilipo yambiri. Denga la khitchini mwati likudontha, muuzeni Luciano yemweyo afolere, mumuwonjezere ndowa ya chimanga.

Mwamuna wanu,
Atumani


Joni, 24 Febuluwale 1991

Amake Awa,

Salamu. Ndili moyo, ndikhulupirira inunso muli chimodzimodzi. Mvula ikugwa bwanji kumeneko? Kuno ikubwera ndi matalala, buledi wakweranso mtengo.

Kalata yanu yafika, ndipo ndaona kuti mwakwiya. Mwati zulitsani dzinolo mubwere, kuno kulibe amene adzawerenge mano anu. Mwalankhula ngati mkazi, ndipo sindikukudzudzulani. Koma ntchito inayamba kale, singasiyidwe pakati.

Kuchipatala kuja ndapitako kawiri. Ulendo woyamba anatsuka muzu ndi kamakina kolira ngati udzudzu wa ku Malombe, madzi akuthira mkamwa osalekeza. Ine amene ndinaboola miyala pansi pa nthaka, misozi inatsika yokha mpaka m'makutu. Ulendo wachiwiri anandidzaza mkamwa ndi phala lozizira kuti atenge chikombole cha mano, monga muja tiumbira njerwa. Chikombolecho chapita kwa amisiri osula. Pakali pano andiveka kachipewa koyera kongoyembekezera, akuti ndisalumire nako fupa kapena nzimbe. Anandinyengerera kuti chatsopanocho chikhale choyera ngati mano enawa, ati chimafulumira ndipo n'chotsika mtengo. Ndinakana. Munthu sapita ku Joni kukatenga dzino loti anthu asalione.

Ulendo wina unandiphonya, ndiye masiku asunthira kutsogolo pang'ono. Tsikulo sitima sizinayende bwino. Ndasiya kukwera sitima, ndikuyenda pa tekisi ngakhale ikudya ndalama, ndipo chifukwa chake mudzamva ndikabwera. Mnzanga Che Wadi wa ku Namwera uja, tinkagona chipinda chimodzi, anali m'sitima tsikulo ndipo watisiya, katundu wake tamutumiza kwa abale ake. Mukakumana ndi mkazi wake musayambe ndinu kulankhula.

Ndagula sutikesi yaikulu. Muli nsalu zanu zitatu, diresi la Awa la pa Idi, kofia ya Che Bwanali ndi shuga wa apongozi. Ndikuuzeni kuti usiku ndimaitsegula n'kuitsekanso popanda chifukwa. Ndakusowani, Amake Awa, ndipo zimenezi sindinazilembepo chiyambire.

Ndakondwa kumva kuti denga lafoleredwa bwino, ndi kuti Luciano wakonzanso chitseko ndi khola la mbuzi osauzidwa. Anthu a ku Mozambiki manja ali nawo. Koma musamuzoloweze kudyera pakhomo tsiku ndi tsiku, mupatseni chake azikaphika kwake.

Ine wanu,
Atumani


Joni, 24 Malichi 1991

Amake Awa,

Salamu aleikumu, ndipo Mulungu alandire kufunga kwanu ndi kwa onse a pakhomo. Ine ndikufunga bwino, ngakhale kunyamula nyama tsiku lonse osadya osamwa si masewera.

Kalata iyi muiwerenge mutakhala pansi, kenaka mupite nayo kwa Che Bwanali.

Chipewa chagolide chinabwera kuchokera kwa amisiri. Ndinachiona ndi maso anga, chili m'kabokosi pa thonje, chowala kuposa chakale. Koma tsiku loti andiveke linagwera Lachinayi lapitali, Ramazani itayamba kale. Ndinapita, ndinakhala pampando, mtsikana uja n'kutenga kapaipi ka madzi. Ndinamugwira dzanja n'kufunsa ngati ntchitoyo ingatheke popanda madzi. Anati ayi, ayenera kutsuka ndi kupala pang'ono. Ndinati ndiye sizitheka, ndafunga.

Anayesa kundinyengerera. Anati iyenso wafunga, ndipo madzi akapanda kumezedwa palibe chaonongeka, kuli kapaipi kena kowayamwa. Anatinso ngakhale atandipulumuka, munthu wodwala amaloledwa kudzabweza tsikulo pambuyo. Zimenezo ndikuzidziwa, sindine mwana. Koma ulendo uja wotsuka muzu ndinameza madzi osachepera kapu, kapaipiko kali pomwepo. Ndipo ine si wodwala. Chiyambire kufunga ndili mnyamata sindinadumphepo tsiku, ngakhale pansi pa mgodi pomwe anzanga ankakomoka ndi ludzu. Ndikayambe lero, chifukwa cha dzino, pamaso pa kamtsikana? Ndinadzuka pampandopo.

Madzulo sagwira ntchito. Masiku ena onse ndi odzaza, kenaka ana a sukuluwo akupita kutchuthi. Tsiku limene andipatsa ndi 30 Epulo. Idi ikhala itadutsa ndi masabata awiri.

Ndikudziwa chimene ndinalonjeza. Koma Che Bwanali ndi munthu wa mzikiti, ayenera kumvetsa kuti chandichedwetsa ndi kusunga lamulo la Mulungu, osati mowa kapena akazi. Muwapemphe mwaulemu andidikire mpaka Idi yachiwiri, ya nsembe, mwezi wa Juni. Mbuzi ya nsembeyo ndidzagula ndine, yaikulu, mudzi wonse udye. Amene wadikira zaka zisanu, miyezi iwiri ingamuvute chiyani? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Diresi la Awa ndi kofia ndapatsira Che Mdoka kuti zifike Idi isanakwane. Nsalu zanu ndasunga, ndikufuna kudzakupatsani ndi manja anga.

Mwamuna wanu,
Atumani


Joni, 17 Epulo 1991

Amake Awa,

Idi mubaraka kwa inu, Awa ndi onse. Ndili bwino. Dzulo tinaswali mapemphero a Idi pabwalo, kenaka abwana anatipatsa mpunga ndi nyama kuseri kwa butchala. Ndinadya ndi mbali imodzi, kusamala kachipewa koyembekezera kaja.

Yankho lanu sindinalandire. Tsiku lililonse ndimafunsa abwana ngati kwabwera kalata, mpaka ayamba kundiyankha ndisanatsegule pakamwa. Mwina ndi a positi. Mwina mvula yadulanso msewu wa ku Katuli monga mwa masiku onse. Ndikudziuza zimenezo.

Kumapemphero ndinakumana ndi mnyamata wa kwanu amene wangofika kumene, mdzukulu wa Che Ajasi. Akuti chimanga chathu chaposa minda yonse ya mbali imeneyo, anthu akuima pamsewu kuchiyang'ana. Akutinso Awa watalika, ndipo akudziwa kuwerenga mpaka khumi m'Chipwitikizi. Ndinaseka nawo. Kenaka anati Luciano anafunga nanu mwezi wonse, madzulo n'kumamasulira kufungako pamkeka wa Che Bwanali. Mkhristu amafunga bwanji Ramazani, Amake Awa? Kapena njala ya kwawo inamuzoloweza? Mnyamatayo atafika pamenepo anayamba kuyang'ana nsapato zake, ine sindinafunse zambiri.

Sindikunena kanthu. Ndikungoti chimanga chikalowa m'nkhokwe mumulipire munthuyo zake zonse, ntchito yake yatha. Ndiyankheni, ngakhale mizere iwiri.

Atumani


Joni, 5 Meyi 1991

Amake Awa, mkazi wanga,

Salamu ndi chimwemwe. Ndikulemba ndikuseka ndekha ngati wamisala. Latheka! Lachiwiri lapitali andiveka. Anayesa, anapala pang'ono, anayesanso, anamata, n'kundiuza kuti ndilume thonje. Atandipatsa galasi ndinaona munthu amene ndinamusowa miyezi isanu. Che Golide wabwerera, Amake Awa, ndipo tochi ya ulendo uno ndi ya mabatire atsopano.

Mzungu uja anandigwira paphewa n'kunena kuti ntchito yake ndi yabwino, chipewachi chikhoza kukhala zaka khumi ndi zisanu. Koma anati chili ndi malamulo ake. Kutsuka m'mawa ndi madzulo, makamaka m'mphepete momwe golide wakumana ndi nkhama. Kusatsegulira mabotolo ndi mano. Kupita kukaonetsa chaka chilichonse ngakhale pasakupweteka, chifukwa chikayamba kupweteka ndiye kuti zaonongeka kale. Ndinavomera zonse. Ndagula miswachi itatu, wanga, wanu ndi wa Awa.

Abwana ndawatsanzika. Anadandaula, anati malo anga sangawasunge, ndinati asasunge. Che Mdoka afika kuno kumapeto kwa mwezi uno ndipo anavomera kale kunditenga. Msewu wa ku Tete akuti sukudalirika, malole akuzungulira ku Zambia, ndiye tiyenda masiku angapo. Za pachipata cha m'malire musade nkhawa, iye amadziwa mmene amachitira. Idi ya nsembe indipeza ndili ku Katuli, monga ndinapemphera.

Kalata yanu mpaka lero sinafike, koma ndaleka kudandaula, tidzalankhula pamaso. Muuzeni Awa kuti akaona munthu akutsika ndi sutikesi yofiira asathawe, ayang'ane pakamwa adzandidziwa. Mufunsenso mtengo wa mbuzi kwa Che Ajasi, koma musanene kuti wogula ndi wa ku Joni, angakweze.

Wanu amene akubwera,
Atumani


Joni, 9 Juni 1991

Kwa Abiba, mayi wa Awa, mbumba ya Che Bwanali,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana. Ine ndili moyo.

Che Mdoka anafika. Ndinapita kumene amaimika lole ndi sutikesi yanga, nditavala jekete. Ndinamumwetulira kuti aone, iye osaseka. Anandikhazika pa thayala n'kutulutsa envelopu m'thumba la malaya, ati anauzidwa kuti andipatse m'manja, osati pa positi. Munali mapepala awiri, la Che Bwanali ndi lanu.

Ndamva kuti ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi tsiku lachitatu Idi itadutsa, shehe ali pomwepo, ndipo mkulu wanga anavomera m'malo mwanga. Ndiye kuti tsiku lija ndinkadziyang'ana pagalasi kuchipatala, ndinali kale munthu wopanda mkazi. Ndamvanso kuti kalata yanga ya m'Ramazani inawerengedwa pabwalo, ndi kuti Che Bwanali anati Mulungu analola wodwala kubweza tsiku la kufunga, koma tsiku limene munthu walonjeza mkazi wake silibwezedwa. Ndinakwiya nditawerenga, ndinatukwana mpaka Che Mdoka anandigwira pakamwa. Lero mkwiyo watha. Sanalakwe.

Pepala lanu ndi lalifupi, ndaliwerenga mpaka lafewa. Mwati: "Pa Idi ndinasesa pakhomo, ndinaphika, ndinakhala pamsewu mpaka dzuwa kulowa. Mukanabwera ndi gweru ndikanakusekani tsiku limodzi, n'kukhala nanu moyo wonse." Abiba, mawu amenewo andipweteka kuposa kamakina kaja. Madzi akatayika saoleka.

Mawu anga omasula ukwati amene shehe akufuna ndalemba papepala lina, lili momwemu. Sindikuvutitsani. Ndamva kuti Luciano akuphunzira kuswali ndipo amupatsa dzina lakuti Isa. Miyezi yanu yodikira monga mwa lamulo la Chisilamu ikatha, chitani zimene inu ndi amalume anu mwaona. Munthuyo ndinamulowetsa pakhomo ndine, ndipo denga limene anafolera silidontha.

Sutikesi ndapatsira Che Mdoka. Nsalu zitatuzo ndi zanu, ndinagulira inu, musazibweze. Shuga ndi wa amayi anu. Njinga ndi wailesi zikhale za Awa, mbuzi ziwiri zija muzisunge za sukulu yake, ndipo ndalama zake ndizitumizabe ndikapeza. Miswachi iwiri ili m'thumba la m'mbali. M'bokosi la machesi muli chipewa chakale chija. Golide wake ndi wochepa, koma kwa osula a ku Mangochi angatulukemo kandolo kamodzi ka mwana. Ngati simukufuna kuchiona, tayani m'chimbudzi.

Ine sindikwera lole. Abwana anali atalemba kale munthu wina, koma andilozera kubutchala ya mlamu wawo, ndiyamba mawa. Keyala ndikutumizirani ndikakhazikika.

Awa akafunsa za bambo ake, mumuuze kuti ali bwino, ndipo dzino analikonza. Ndikutsuka m'mawa ndi madzulo monga anandiuza. Akuti likhala zaka khumi ndi zisanu.

Atumani